Kwa mwana wanga amene wayamba uinjiniya wa zipangizo za chipatala

Wokondedwa mwana wanga,

Uthenga wako ndauwerenga kangapo, makamaka paja ukunena kuti tulo sukutiona, ukudzifunsa ngati unalakwitsa kusankha uinjiniya pomwe mtima wina ukulakalaka udokotala. Iwe, wangotha masabata asanu okha ku koleji! Ndikukayika ngati njira ya ku laibulale waidziwa n'komwe.

Ku Sweden kunali munthu wina dzina lake Rune Elmqvist. Anaphunzira udokotala mpaka kumaliza, koma ntchito yochiza odwala sanaigwire, mtima wake unali pa mawaya. Mu 1958 anapanga kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kaja amati pacemaker, ndipo dokotala wa opaleshoni Åke Senning anakaika m'thupi mwa wodwala wina, Arne Larsson. Koyambako kanangogwira ntchito maola ochepa n'kuleka. Anaika kena. Larsson anasinthidwa tizipangizoti maulendo oposa 20, ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, wopangayo ndi woikayo atatsogola kale. Tandiuza, mwa awiriwa anamuchiza ndani?

Koma chimene ndikufuna umve kwenikweni n'china. Zaka zonse zimene ndinagwira unamwino, kachipangizo kamene ndinakagwira kwambiri ndi kopana chala kaja, koyezera mpweya m'magazi. Nzeru yake inachokera kwa injiniya wa ku Japan, Takuo Aoyagi, m'zaka za m'ma 1970. Kamawalitsa kuwala kwa mitundu iwiri kudutsa m'chala, kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso, ndipo magazi a mpweya wambiri amayamwa kuwalako mosiyana ndi magazi a mpweya wochepa. N'zanzeru zedi. Koma usiku wina ndinali ndi agogo ena, zala zawo zili zii kuzizira. Kachipangizoko kanalira usiku wonse, manambala akungovina. Ndinafumbata dzanja lawo m'manja mwanga, kulitikita mpaka kufunda, m'pamene nambala inakhazikika. Agogowo anatsegula diso limodzi n'kuti, "Anamwino, kazimitseni kambalame kanuko." Makina akamalira popanda chifukwa, anthu amazolowera, ndiye tsiku limene adzalire zoona palibe wothamanga. Ndipo kenako zinadziwika kuti pa khungu lakuda kachipangizoka nthawi zina kamaonetsa kuti mpweya ndi wokwanira pamene uli wochepa. Zoterezi suziona uli pa kompyuta. Umaziona utaima pambali pa bedi.

Ndiye tchuthi chikafika, pempha kuti uzikayenda ndi amisiri okonza makina m'chipatala, ngakhale ntchito yako ikhale yongowanyamulira bokosi la zida. Ukafunse anamwino kuti makina amene amawanyansa kwambiri ndi ati, ndipo chifukwa chiyani. Adzakuuza zambiri, ena mokalipa, iwe uzingolemba. Kumeneko udzadziona wekha: ukalowa m'wodi, maso ako akuthamangira kuti, kwa wodwala kapena kuseri kwa makina? Ukadzaona kuti udokotala sukukuchoka mumtima, alipo mayunivesite amene amalandira anthu oti ali kale ndi digiri ina. Khomo silinatsekedwe.

Pakali pano limbana ndi masamu ndi fizikisi. Wanena kuti mayeso oyamba sanakuyendere bwino ndipo ukuchita manyazi kupita kwa aphunzitsi. Pita mawa lomwe, utenge pepala lako lofiira ndi inkilo. Phunziro la kapangidwe ka thupi usaliderere poti ndiwe injiniya, pakuti waya wako akukathera m'mnofu wa munthu.

Bambo ako akupereka moni. Auza kale anzawo onse kuti mwana wawo adzapanga mtima wachitsulo, ndawaletsa koma sakumva. Uimbe Lamlungu madzulo, ndipo undiuze zimene aphunzitsi a masamu anena.

Ndine,
Mayi ako