Ndalama ya olumala ikuthera pa njinga ndi kaloba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya Social Cash Transfer, ndalama ija boma la Zambia limapereka kwa mabanja ovutika, chifukwa zimandiwawa kumva anthu kuno ku Chipata akunena kuti olumalafe timalandira dabo ndiye tisamadandaule, tingophunzira kupanga bajeti basi. Zoona nyumba imene muli munthu wolumala kwambiri imalandira yochulukirapo, mu 2022 anzathu ankalandira K200 pamwezi ife K400, ndipo imabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Sindikunyoza ayi, kuyambira pomwe inayamba ku Kalomo mu 2003 ndalama imeneyi yapulumutsa mabanja ambiri. Koma amene akuti dabo aja sawerengera zimene ulumali umadya.

Ine ndimayendera ndodo ziwiri ndipo ntchito ndilibe. Mnzanga wamiyendo yabwino achoka ku Mchini wapansi mpaka ku Kapata osataya ngakhale ngwee, ine ndikwere njinga popita, ndikwerenso pobwera, ndipo ngati ndagula thumba wanjingayo akuti katundu naye alipire. Madzi sindingasenze, mwana wa aneba amene amanditungira ndimpatse kenakake, sangamagwire ulele masiku onse. Malabala a kunsi kwa ndodo amatha msanga pa miyala ya kwathu kuno, akatha ndodo imaterera, nthawi ya mvula ndiye usayese n'komwe. Ena ndi matewera a akulu, ena mankhwala amene kuchipatala awauza kuti mukagule. Dabo ija yapita kale musanagule ngakhale mchere.

Bajeti timapanga, mwina kuposa a pa ofesi. Ndalama ikangolowa mufoni ndimatapa kamodzi yonse chifukwa kutapa pang'onopang'ono amakudula nthawi iliyonse, ndipo tsiku lomwelo iyenera kusanduka zinthu, ikagona m'thumba ili ndalama imapeza yokha kopita. Choyamba lendi. Chachiwiri chimanga, osati unga. Miyezi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, chimanga chimatsika ndiye ndimagula mameda angapo n'kupita nacho kuchigayo, gaga n'kutsalira nkhuku. Pamela, unga wa m'timapaketi ting'onoting'ono wa pa kantemba, amaoneka wotchipa koma mukaphatikiza mwezi wonse mupeza kuti mwalipira kuposa thumba, chimodzimodzi saladi wophikira wa m'timapepala uja. Saladi ndinachepetsa, ndiwo zambiri ndimatendera nsinjiro poti nsawa kuno kum'mawa sizisowa, chibwabwa chikachuluka ndimafutsa n'kuyanika, mfutso umenewo ndi umene umatisunga mu Okutobala. Nyemba ndimaviika usiku kuti zisadye makala, ndikaphula nsima makala otsala pambaula ndimazima ndi madzi, akauma mawa agwiranso ntchito. Chaka cha 2024, chilala chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko, njira zonsezi zinatsala pang'ono kukanika chifukwa chimanga chinakwera ndipo magetsi akumazima makala nawo anadula.

Chimene chimagwetsa zonse ndi kusadziwa tsiku. Munthu wa salale amadziwa kuti pakutha pa mwezi zalowa, ife timangomva mphekesera, akuti sabata ino, akuti sabata yamawa, alandilodi sadikira mphekesera ndipo mwana sadya mphekesera. Apa m'pamene a kaloba amatigwirira. Kwathu kuno ukatenga K100 ubweza K150, ukachedwa yaberekanso, ndiye ikamabwera ya miyezi iwiri ija theka ndi la mwini kaloba, mwezi usanathe wabwereranso kwa yemweyo. Ndaona agogo osaona atasiya reji yawo, chitupa cha unzika, kwa wokongoza ngati chikole, zinandipweteka mtima. Anzanga olumala chonde, kaloba ayi, bola kulowa chilimba, kusonkherana ndalama mosinthana, ndi anthu owadziwa a kutchalitchi ngakhale kakhale kochepa bwanji.

Achibale nanunso mutimvere chisoni. Mwezi wonse simubwera kudzaona ngati tadzuka, koma mukangomva kuti zalowa ndi uyo pakhomo, amalume ndithandizeniko ya thiransipoti. Kukana n'kovuta chifukwa mawa ndi yemweyo adzakunyamule ukadwala, ndiye umapereka mtima ukuwawa.

Pempho langa kwa amene amakonza za malipirowa ndi loti tsiku likhale lodziwika ndipo lizilengezedwa pa wailesi m'Chinyanja, kukakhala kuchedwa atiuze msanga tisanakalonjeze alandilodi. A CWAC, makomiti othandiza pa pologalamuyi m'makomboni, nawo azikhala ndi uthenga woona woti atipatse. Ndipo amene simunalembetse ku Zambia Agency for Persons with Disabilities pitani mukatenge khadi la ulumali, lamulo la 2012 loteteza anthu olumala lilipo koma popanda kulembetsa n'kovuta kuti muwerengedwe. Eni mashopu ndi maofesi mu Chipata muno, ambirife manja ndi mitu zili bwinobwino, titha kukhala pa tilu, kusoka, kukonza mafoni, kulemba malisiti. Ikani kanjira koti njinga ya olumala ikwere pakhomo panu ndipo kalata yofunsira ntchito ikabwera muiwerenge kaye musanayang'ane ndodo.

Wowerenga wanu,
Mchini, Chipata