Kambalame kamene ndimakalimira dimba

Winnipeg, Canada

Wokondedwa Chisomo,

Uli bwanji mwanawe? Ine kuno ndili bwino. Abambo ako anandiuza pafoni kuti tsopano ukuwerenga wekha, ndiye kalata iyi ndi yako. Pamene pakuvute ufunse amayi ako.

Paja unandifunsa kuti ndimalima chiyani kuno popeza chimanga sindilima. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba kakang'ono, ndipo ndimalimira kambalame. Eya, kambalame kamodzi kameneka ndi kamene kamandigwiritsa khasu. Anthu a kuno amakatchula hummingbird, chifukwa mapiko ake amalira ngati njuchi. Ife tingati choso, poti kamafanana ndi timbalame tija timatsopa timadzi ta m'maluwa kumudzi kwa agogo ako, ngakhale kuti si mtundu umodzi. Aka kamapezeka kumaiko a ku America kokha. Kuchepa kwake ungadabwe: kamalemera magalamu atatu basi. Shuga wodzaza kasupuni ka tiyi amakaposa kulemera.

Kuno kumazizira zoti sunazionepo. Mu Januwale kuzizira kumafika madigiri 30 kunsi kwa ziro. Nthaka imauma gwa, khasu silingalowe, ndipo paliponse pamayera mbuu ndi chipale chofewa. Duwa ndi limodzi lomwe silioneka. Ndiye kambalameka kamathawira kumaiko ofunda, ku Mexico ndi kumwera kwake. Tina timawoloka nyanja yaikulu ya Gulf of Mexico osatera paliponse, ulendo wa makilomita 800. Umenewu ndi mtunda woposa Nyanja ya Malawi yonse, kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi. Taganiza, ndi timapiko timene tija!

Kamabwerera kuno chapakati pa Meyi, kali ndi njala, pomwe maluwa sanayambe bwino. N'chifukwa chake ndimakakonzeratu chakumwa. Ndimawiritsa makapu anayi a madzi, n'kuthiramo kapu imodzi ya shuga woyera. Akazizira ndimawathira m'kabotolo kokhala ndi timabowo tofiira, n'kukapachika pafupi ndi windo la kukhitchini. Uchi sitithira ayi, umakadwalitsa. Ndipo kukatentha, pakangopita masiku awiri kapena atatu ndimataya madziwo n'kutsuka kabotoloko, chifukwa amasasa ngati thobwa logonera.

Chaka changa choyamba ndinachita phuma. Dzuwa litangowala kumayambiriro kwa Meyi ndinatulutsa mbande zanga zonse n'kuziwokera. Usiku wina kunagwa chisanu. M'mawa ndinapeza masamba onse ada bii, afota ngati ndiwo zofutsa. Zinandipweteka mtima kwambiri, Chisomo, chifukwa mbandezo ndinazilera pawindo kuyambira mu Epulo. Agogo ena oyandikana nawo nyumba ndi amene anandiuza kuti kuno anthu amadikira kaye tchuthi cha Victoria Day chidutse, chakumapeto kwa Meyi. Anandikumbiranso chitsinde cha maluwa otchedwa bee balm a m'dimba mwawo. Amenewa ndimawakonda kuposa onse. Masamba ake amanunkhira ukawafikisa m'manja, ndipo chisanu chikabwera amafa pamwamba pokha, mizu ili moyo pansi. Chaka chilichonse amaphukanso okha.

Kambalameka kamakonda maluwa ofiira, aatali ngati kalipenga, oti kalowetsemo mlomo wake wonga singano. Ndiye ndimadzala mosiyanasiyana kuti ena akamatha ena azikhala akuyamba. Oyamba ndi columbine, ofiira ndi achikasu, omwe amaweramira pansi ngati timabelu. Mu Julaye bee balm uja amayamba. Kumpanda ndimadzala nyemba zoyanga za maluwa ofiira psuu, zomwe zimachita maluwa mpaka chisanu chibwerere. Kambalame kamamwa zake, ine n'kuthyola zitheba zanga.

Mankhwala ophera tizilombo sindipopera m'dimbamu. Kambalameka sikakhalira timadzi tokha, kamadyanso tizilombo ting'onoting'ono, ndipo ana ake kamawadyetsa timeneto. Ngakhale ulusi wa kangaude sindiusesa, chifukwa ndi umene kakakazi kamamangira chisa. Chisacho n'chaching'ono ngati theka la chigoba cha dzira la nkhuku, ndipo kamaikiramo timazira tiwiri, tonga nyemba zazing'ono.

Tsopano ndikuuze zimene zinandichitikira mwezi watha. Ndinali kuthirira m'mawa, nditamanga duku lofiira lija anandipatsa agogo ako. Ndinangomva kuti vuuu pafupi ndi khutu. Nditadzutsa mutu, kanali kali patsogolo pa nkhope yanga, kataima m'malere osatera pa kanthu. Mapiko sankaoneka n'komwe, chifukwa amakupiza maulendo oposa 50 pa sekondi imodzi. Kamphepo kake ndinakamva patsaya. Msana unali wobiriwira, pakhosi pakuda. Kenako kanatembenuza mutu pang'ono, dzuwa n'kuwomba pakhosipo, pompo panayaka kuti ngwee, kufiira ngati khala la moto. Kanali kamphongo, poti kakakazi pakhosi pake ndi poyera. Ine chilili, madzi akutayikira pamapazi, osafuna ngakhale kupuma. Katazindikira kuti dukulo si duwa, kanauluka chobwerera m'mbuyo, kenako zii.

Usiku kukazizira ndimakadera nkhawa. Koma kali ndi njira yake: kamagona tulo tofa nato, thupi n'kuzizira, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono, kuti mphamvu zisathe. Kukacha kamanjenjemera mpaka kufunda, n'kuthamangira ku maluwa.

Pano Ogasiti akutha. Tamphongo tanyamuka kale, kwatsala takazi ndi tiana, tikumwa kwambiri kuti tinenepe ulendo usanayambe. Kabotolo kaja ndikasiya pomwepo mpaka kotsiriza kadutse.

Ndikutume kanthu, mwanawe. Ukapita kwa agogo, ukakhale phee pafupi ndi nthochi zimene zachita maluwa, m'mamawa dzuwa lisanakwere. Choso akabwera ukayang'anitsitse: kodi akumwa ataima m'malere, kapena wagwira ndi miyendo? Nanga pakhosi pake pali mtundu wanji? Ukajambule papepala, abambo ako adzanditumizira pa WhatsApp. Legeni ya mchimwene wako ikatsale kunyumba.

Upereke moni kwa amayi ako ndi agogo.

Ndine azakhali ako okukonda.