Malipoti azionetsa mawu, osati 0 ndi 1

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu amene amakonza malipoti pa kompyuta m'maofesi ndi m'mabungwe kuno ku Salima. Malipoti ambiri mukatsegula filter mumangopeza 0 ndi 1, kapena TRUE ndi FALSE. Wokonza lipotiyo amadziwa tanthauzo lake, koma wapampando wa ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera) amene akufuna kudziwa mijigo yowonongeka kwa Khombedza kapena kwa Pemba amangoganizira. Ndipo kuganizirako n'koopsa, chifukwa mafomu ena amalemba 1 pa inde ndi 0 pa ayi, pomwe ena ayi wawo ndi 2.

Kukonza kwake sikuvuta. Manambalawo musawafute, chifukwa ndi amene SUM ndi AVERAGE zimawerengera. Onjezani column ina pambali, ndipo filter muiike pa yatsopanoyo. Ngati mayankho ali mu column C, pomwe 1 akutanthauza mjigo wogwira ntchito ndipo 0 wowonongeka, mu Excel lembani chonchi:

=IF(C2="","Palibe yankho",IF(C2=1,"Ukugwira",IF(C2=0,"Wawonongeka","Onaninso")))

Mawu akuti "Ukugwira" ndi "Wawonongeka" ndi abwino kuposa "Inde" ndi "Ayi", popeza amamveka ngakhale funso lenilenilo lisakuoneka.

Pomwe ambiri amagwa mpa malo osalembedwa kanthu. Excel ikafunsidwa ngati cell yopanda kanthu ikufanana ndi 0, imavomera. Choncho mukayamba ndi C2=0, mjigo uliwonse umene wolemba sanaufikire, mwina chifukwa msewu unaduka nthawi ya mvula, udzaoneka ngati wowonongeka. Chiwerengero chimakwera, ndipo ndalama zokonzera zimatha kupita kumudzi komwe madzi akutuluka bwinobwino. N'chifukwa chake funso la malo opanda kanthu liyenera kukhala loyamba. Pulogalamu ina yokonzera malipoti ya Power BI nayonso ili ndi msampha womwewu: mu DAX, chilankhulo chake cholembera ma formula, chizindikiro cha = chimatenga BLANK ngati 0, ndiye yambani ndi ISBLANK kapena lembani ==.

Vuto lina ndi la 1 amene wasungidwa ngati mawu osati nambala. Mumamudziwa chifukwa amakhala kumanzere kwa cell, kakona kake kali kobiriwira. Woteroyo safanana ndi 1 weniweni, ndiye adzagwera mu "Onaninso". Sankhani malowo, mudine Convert to Number.

Amene mumasonkhanitsa mayankho ndi pulogalamu ya mafomu ya KoboToolbox, pokopera deta sankhani Labels m'malo mwa XML values, mawu a pa fomu adzabwera okha. Koma pa funso lolola mayankho angapo, yankho lililonse likapatsidwa column yake mudzapezabe 0 ndi 1, ndiye pamenepo njira ili pamwambayi ikufunikabe.

Musanatumize lipoti, phatikizani ziwerengero za magulu anayi onsewo muone ngati zikufanana ndi mizere yonse ya m'tebulo. Gulu la "Onaninso" likakhala ndi mzere ngakhale umodzi, bwererani ku fomu yoyambirira.

Ndife owerenga anu,
Salima