Lipoti la msonkhano wa matenda a amphaka

A Wapampando, amayi ndi abambo a komiti yathu ya zaumoyo, munandituma ku boma kumsonkhano wa alangizi a ziweto nditanyamula funso limodzi: kodi matenda a mabakiteriya a amphaka angatigwire ife, nanga angafalikire kwa amphaka ena? Ndabwerako, ndipo yankho ndi inde, ngakhale njira yake si imene timaiganizira kuno.

Ife timaopa mphaka wa manthongo, woyetsemula. Adokotala a ziweto anati matenda otere, monga obwera ndi bakiteriya wa Chlamydia felis, amapatsirana amphaka okhaokha, makamaka tiana togona pamodzi, ndipo kufika kwa munthu n'kwa apo ndi apo. Wodwalayo apatulidwe, mbale yake ikhale yake.

Amene anandidetsa nkhawa ndi mphaka wooneka wathanzi. Pali bakiteriya wotchedwa Bartonella henselae amene utitiri umamutenga kwa mphaka uyu kupita naye kwa uyo, mphakayo osadwala n'komwe. Akamadzikanda, ndowe za utitiri zimatsalira m'zikhadabo. Akakanda mwana, pakapita sabata imodzi mpaka zitatu pamatuluka mwanabere m'khwapa kapena m'khosi, nthawi zina thupi n'kutentha. Ndinakumbukira adzukulu athu amene amaswera ndi tiana ta mphaka, pomwe tosakwana chaka ndi timene timakhala ndi bakiteriyayu kwambiri. Anthu ambiri amachira okha, koma kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga abale athu omwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, matendawa amakula zedi.

Kulumidwa musakuchepetse ayi. Mano a mphaka ali ngati singano: bala limaoneka laling'ono, limatseka msanga, pamene bakiteriya wa Pasteurella wa m'kamwa mwake watsala mkati. Dzanja limatha kutupa ndi kufiira maola 24 asanathe. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, poti mphaka amathanso kupatsira chiwewe. Za ndowe za mphaka anangotikumbutsa kuti mumakhala bakiteriya wa Salmonella, tizisamba m'manja tikazichotsa.

Wina anafunsa ngati ndi bwino kungowataya amphakawo. Adokotala anakana, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Nkhokwe zathu adzazilondera ndani makoswe akalowa? Nkhondo yathu ndi utitiri. Koma anatichenjeza kuti mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha mphaka, chimodzimodzi Panado. Mphaka akadwala, apite kwa alangizi, tisamupatse mapiritsi athu.

Pempho langa, a Wapampando, n'lakuti pamsonkhano wotsatira tiitane mlangizi wa ziweto wa dera lathu adzationetse mankhwala a utitiri oyenera amphaka ndi kathiridwe kake, ndipo amayi a tiana tating'ono asadzatsale kunyumba.