Tilambule njira ya wapansi pamwamba pa gombe la Shire ku Chikwawa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera pa tsamba lino ndi mafumu, makhansala, aphunzitsi ndi achinyamata a ku Chikwawa kuno. Pempho langa ndi lakuti tilambule ndi kusamala njira yoyendamo wapansi pamwamba pa gombe la mtsinje wa Shire, yoti mlendo komanso mwana wasukulu azitha kuitsata mopanda mantha.

Amalawi amene anagwirapo ntchito ku Western Cape, m'dziko la South Africa, amaidziwa tawuni ya Hermanus. Kumeneko kuli njira ya makilomita pafupifupi 12 yodutsa pamwamba pa maphompho a m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuyambira ku New Harbour mpaka kukatsikira pa mchenga wa Grotto Beach. Chisanu chikamatha, cha m'ma Seputembala mpaka Novembala, maluwa a m'tchire amaphuka ndipo anthu amachokera kutali kudzayenda m'njirayo, n'kumaima pa matanthwe kuonerera anangumi amene amabwera kufupi ndi mtunda kudzaswana. Chimene chimakopa anthuwo ndi malo amene Mulungu anawapatsa kale, ndipo eni dera anangowonjezapo kanjira kosamalidwa bwino, zikwangwani ndi mipando yopumirapo, koma lero ogulitsa zakudya ndi eni malo ogona amadyerapo.

Ife nyanja yamchere tilibe, koma gombe lalitali ndi mchenga tili nazo. Aliyense amene anaimapo kuseri kwa boma la Chikwawa m'mamawa akudziwa chimene ndikunena. Nthaka imathera mwadzidzidzi, Shire ali pansipo kuyenda mwakachetechete, ndipo kutsidya mapiri a Thyolo aimirira ngati khoma. Madzi akaphwera, mchenga woyera umatulukira pakati ndi m'mbali mwa mtsinje, asodzi amakocheza mabwato awo pamenepo, ndipo pakhoma la gombelo pamaoneka timaenje tambirimbiri ta mbalame za fulagombe zimene zimatuluka ndi kulowa tsiku lonse. Nkhwazi imalira pamwamba pa mtengo wa nsangu, mvuu ikufwenthera patali. Timaziona tsiku ndi tsiku mpaka tinasiya kuziwerengera, pamene munthu wa ku Blantyre, yemwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha, sanazionepo ndi kamodzi komwe ali wapansi, chifukwa amangodutsa pa mlatho wa Kamuzu ali m'galimoto.

Tisalakwitse n'kutengera miyezi ya anzathu a ku Hermanus. Nthawi imene iwo amati yabwino kuyenda ndi imene kuno dzuwa limaswa mtengo, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala, ndipo munthu woyenda pa mchenga masana akhoza kukomoka. Nyengo yathu yoyendera ndi ya Meyi, Juni ndi Julayi, mvula itasiya, matope atauma, tchire likadali lobiriwira ndipo mphepo ya mwera ikuwomba. Imeneyo ndi nthawi yomwe alimi akutola thonje, masawu ayamba kupsa ndipo malambe ali mbwee pa msika, choncho mlendo sangabwerere wopanda kogula.

Chinanso chimene gombe lathu limaposa nacho malo ambiri ndi mbiri. David Livingstone anakwera mtsinje uno m'chaka cha 1859 pa sitima yake ya Ma Robert, anacheza ndi mfumu Chibisa ya Amang'anja, ndipo mathithi a Kapichira ndi amene anatsekereza sitimayo. Amishoni a UMCA, bungwe la mpingo wa Anglican, Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson, anamwalira kuno mu 1863 ndipo manda awo ali ku Chikwawa konkuno, pamene Richard Thornton, katswiri wa miyala amene anamwalira chaka chomwecho, anaikidwa kufupi ndi Kapichira. Mafumu athu ena, monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, ufumu wawo unayambira kwa Amagololo amene anabwera ndi Livingstone n'kutsalira m'chigwa muno. Ana athu amaloweza zimenezi kuti akhoze mayeso, osadziwa kuti zinachitikira pamalo pomwe amadyetsera mbuzi. Mphunzitsi atawatenga n'kuwayendetsa m'njira yotereyi Loweruka limodzi, agogo a m'mudzi n'kumawafotokozera mbiri ya Amang'anja ndi ufumu wa Lundu monga anaimvera kwa makolo awo, phunzirolo silingaiwalike.

Komabe chifukwa chachikulu chimene ndalembera kalatayi ndi chakuti gombelo likutha. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anagumula damu la magetsi la ku Kapichira, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anadzawonjezera chilonda pa chilonda. Madzi oterowo amadya gombe kunsi, pamwamba pamachita mng'alu, kenako chigulu chonse cha dothi chimagwera mumtsinje pamodzi ndi chimanga chimene chinadzalidwa pomwepo. Pamene pali mitengo ikuluikulu, bango ndi nsenjere, nthaka imalimbako, koma pamene tinagwetsa zonse kuti tiwotche makala kapena tifutukule munda, mtsinje umalowerera kumtunda chaka ndi chaka. Sindikunyoza alimi a m'madimba, pakuti m'chigwa chouma ngati chino dimba ndilo nkhokwe ya banja. Ndikungoti njira yolambulidwa chapatali ndi m'mphepete ikhoza kukhala malire ooneka ndi maso, oti pakati pa njirayo ndi mtsinje tidzalepo vetiva, nsungwi ndi nsangu, ndipo khasu ndi nkhwangwa zisafikepo. Lamulo la papepala anthu amaliiwala, koma malire amene mfumu yaponda ndi phazi lake anthu ake akuona amalemekezedwa.

Za ngozi sitingazibise. Mu Shire muli ng'ona, ndipo mabanja ambiri kuno analirapo maliro chifukwa cha izo. Mvuu nazo zimatuluka usiku kukadya kumtunda, ndipo munthu wopezeka pakati pa mvuu ndi madzi m'bandakucha ali pa tsoka. N'chifukwa chake mlendo asamatsikire ku mchenga yekha, asasambe, ndipo asaime pa nsonga penipeni pa gombe pomwe pansi pake padyeka kale. Omutsogolera akhale asodzi ndi anyamata a m'midzi yomweyo, amene amadziwa dooko labwino ndi loipa, ndipo azilipidwa pa ntchitoyo. Ku malo osungirako nyama zakutchire a Majete, komwe bungwe la African Parks lakhala likusamala kuyambira 2003, alendo amayenda wapansi m'tchire la njovu ndi mikango motsogozedwa ndi alonda ophunzitsidwa, ndipo tingapemphe nzeru kumeneko.

Sitikufunika kudikira ndalama za mayiko akunja kuti tiyambe. Chigawo choyamba chikhale kuchokera pa mlatho wa Kamuzu kufika pa boma, eni minda afunsidwe kaye mwaulemu, ndipo makomiti a chitukuko a m'midzi agwirizane pomwe njira idutse. Ndikupempha mafumu athu kuti aitanitse msonkhano wa nkhaniyi mvula isanayambe, kuti mbande zikhale zokonzeka kuwokera mu Disembala ndipo ana asukulu adzayende ulendo woyamba mu Juni.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chikwawa