Yunivesite iyambe kulemba nkhokwe ya mbiri za anthu athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipereke dandaulo langa kudzera m'nyuzipepala yanu. Sabata yatha mdzukulu wanga wa Fomu 2 anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe za munthu amene ali pa ndalama ya K100. Dzina analiwerenga yekha pa ndalamapo: James Frederick Sangala. Koma atandifunsa kumene bamboyu anabadwira, kumene anaphunzira ndi chaka chimene anamwalira, ndinangoti kakasi. Ndinatha kumuuza kuti anali mmodzi wa anthu amene anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944, pamodzi ndi a Levi Mumba amene anali pulezidenti wake woyamba. Nzeru zanga zinathera pomwepo. Ndagwira choko zaka zambiri, ndipo zinandipweteka kuti ndinalibe buku limodzi lodalirika loti ndimutsegulire mwanayo.

Mayiko ena ntchito yolemba buku lotere la mbiri za anthu awo anaipereka kwa mayunivesite awo kalekale. Mu 1957 katswiri wa mbiri yakale Keith Hancock anasonkhanitsa anzake ku Australian National University mumzinda wa Canberra ku Australia, ndipo anagwirizana zolemba mbiri za anthu amene anaumba dziko lawo. Buku loyamba la Australian Dictionary of Biography linatuluka mu 1966, mkonzi wake ali Douglas Pike. Onani, zaka zisanu ndi zinayi zinadutsa asanaone tsamba ngakhale limodzi losindikizidwa, koma sanataye mtima. Lero muli mbiri za anthu oposa 13,000, ndipo kuyambira mu 2006 aliyense amaziwerenga pa intaneti osalipira.

Chimene chimandikoka mtima ndi kagwiridwe kake ka ntchito. M'chigawo chilichonse cha dzikolo muli komiti imene imakhala pansi kusankha maina. Olemba ndi anthu masauzande, aphunzitsi, atolankhani, madokotala ndi ena odziwa bwino munthu amene akumulembayo, ndipo amalemba mongodzipereka. Kenaka nkhani iliyonse imapita ku kaofesi ka ku yunivesite kuja, kumene ofufuza amaitsimikiza mzere ndi mzere. Amaitanitsa ziphaso za kubadwa, za ukwati ndi za imfa kuti tsiku lisalowe m'buku chifukwa choti achibale anatero. Munthu wamoyo salembedwamo. Ngakhale womwalira amadikira kaye fumbi likhazikike: buku la anthu amene anamwalira pakati pa 1991 ndi 1995 linatuluka mu 2021. Pofika nthawi imeneyo mawu oyamikira a pamaliro amakhala atazirala, mkwiyo wa adani nawo utaphwa, ndipo wolemba amatha kunena zabwino ndi zolakwa za munthuyo mosaopa.

Nawonso analakwitsa. Mabuku awo oyambirira anadzaza ndi amuna achizungu, pamene amayi ndi eni nthaka, Aaborijini, analowamo ochepa kwambiri. Anachita kutulutsa buku lapadera mu 2005 lolowetsa anthu amene anasiyidwa, ndipo mpaka lero akukonzabe. Ifeyo tisadzabwereze zimenezi. Nkhokwe yathu isadzakhale ya nduna ndi mabishopu okhaokha. Mudzalowe azamba, mafumu, oimba, alimi, aphunzitsi a m'midzi, ndi ana a dziko lino amene anakatchuka kunja monga Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe lalikulu la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919.

Wina afunsa chifukwa chake ndikulozera yunivesite osati unduna wa boma. Amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa yankho. Nduna zitasemphana ndi a Kamuzu Banda mu 1964, maina ngati a Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume anasanduka oopsa kuwatchula ngakhale m'nyumba mwako. Za imfa ya a Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Mwanza mu 1983 tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto, mpaka boma litasintha. Ngakhale chaka chimene a Kamuzu eni akewo anabadwa chinali ndi mawu awiri: boma linkati 1906, ofufuza ambiri amati cha m'ma 1898. Boma lililonse limakhala ndi anthu amene likufuna kuwakweza ndi ena amene likufuna aiwalike. Ntchito yotereyi imafuna nyumba imene sisamuka chisankho chikachitika, yokhala ndi anthu ozolowera kufunsa kuti umboni wake uli kuti.

Ndipo zipangizo zilipo kale, zambiri mumzinda umodzi. Ku Zomba kuli National Archives, kuli University of Malawi ndi akatswiri ake a mbiri yakale, kulinso Centre for Language Studies imene inatipatsa kale mtanthauziramawu wa chinenero chathu. Ku Blantyre laibulale ya Society of Malawi ku Mandala ikusunga zithunzi ndi mapepala akale. Mipingo ya ku Livingstonia, Nkhoma, Likoma ndi Mua ili ndi makaundula a ubatizo ndi maukwati. Za chinenero tisavutike nazo mutu: ku Canada nkhokwe yawo imayendetsedwa ndi mayunivesite awiri, Toronto ndi Laval, ndipo mbiri iliyonse imatuluka m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Yathu ingathe kutuluka m'Chingerezi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyawo, kuti agogo a kumudzi amve zimene zalembedwa za m'bale wawo n'kutikonza pamene taphonya.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi nthawi. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unapsereza mapepala ochuluka a zaka zoyambirira za utsamunda, kotero zambiri za anthu athu zili m'mitu ya okalamba basi. Amene anaona ndi maso zipolowe za pa 3 Marichi 1959 ali anyamata ndi atsikana, lero apitirira zaka 80. Mayi Rose Chibambo, amene ali pa K200, anatisiya mu 2016. Maliro aliwonse a nkhalamba yotere amapita ndi maina, masiku ndi nkhani zimene palibenso wina adzatiuze.

Pempho langa kwa akuluakulu a University of Malawi ndi ili: patulani chipinda chimodzi, mkonzi mmodzi ndi ofufuza awiri olembedwa ntchito yokhazikika, osati pulojekiti ya zaka zitatu imene imafa ndalama za mabungwe akunja zikatha. Yambani ndi maina 200 a anthu amene anamwalira dziko lisanalandire ufulu mu 1964, ndipo mbiri iliyonse ikatsimikizika muziiika pa intaneti nthawi yomweyo. Ophunzira anu akamapita kutchuthi, aliyense atenge dzina limodzi la kwawo akafunse akuluakulu. Aphunzitsi opuma tilipo ambiri m'maboma onse, ndipo ine ndine wokonzeka kulemba za anthu a kwathu popanda malipiro mukangotiitana.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba