Ndagula diresi ku Joni koma ndikuopa kulitulutsa m'sutikesi

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 44, mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale kuno ku Blantyre. Ndili ndi ana atatu: mnyamata wa zaka 22 amene ali ku koleji, mtsikana wa zaka 17, ndi chitsiriza wa zaka 11. Amuna anga anamwalira mu Januwale 2021, nthawi ija Covid-19 inkatenga anthu tsiku ndi tsiku. Anadwala masiku asanu ndi limodzi okha. Tinawaika mothamanga, anthu owerengeka, popanda ngakhale kugona pasiwa. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulera ana ndekha, pamodzi ndi apongozi anga, mayi awo a malemu, amene ndimakhala nawo pakhomo. Amadwala shuga ndi BP, ndipo amene ndimawaperekeza kuchipatala mwezi ndi mwezi ndine.

Masabata atatu apitawa ndinabwera kuchokera ku Johannesburg ku ukwati wa mnzanga, ndipo chibwerereni sindikugona bwino.

Mnzangayu tinakulira limodzi ku Thyolo. Tinkatunga madzi pa chitsime chimodzi, chilangizo cha ku tchalitchi tinalowanso limodzi. Banja lake loyamba linatha moipa, mwamuna ankamumenya mpaka ankhoswe anatopa. Mu 2014 anapita ku Joni, akugwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg, ndipo ndi ntchito imeneyo waphunzitsa ana ake awiri. Chaka chino wapeza bambo wa ku Mzimba, dalaivala, amene akazi awo anamwalira. Ananditumizira mawu pa WhatsApp kuti, "Amwali, mukapanda kubwera ukwatiwu sindiumva kukoma." Ndalama ya basi anatumiza yekha. Ukwati unali mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, ndiye ndinalibe chifukwa chokanira.

Musanamve za ulendo, ndikuuzeni za bambo ena. Ndi kalipentala wa zaka 53, mkulu wa mpingo kwathu, akazi awo anamwalira mu 2018. Ana awo atatu ndi akuluakulu, ali pa okha. Anandifunsira mu Disembala chaka chatha, mwaulemu, atadzera kwa mayi wina wa Mvano amene ndimamulemekeza. Ndinayankha kuti ndiganize kaye. Miyezi isanu ndi itatu inatha ndikuganiza, iwo osandiumiriza ngakhale tsiku limodzi. M'mawa umene ndinkanyamuka ndinawapeza ku Wenela atafika kale, atanyamula nthochi, botolo la madzi ndi envelopu. Munali R500. Ndikudziwa mmene anavutikira kuti aipeze, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi yakhala yodula komanso yosowa. Anati, "Mayi, mukagule chimene mtima wanu ukakonde. Yankho langa lija mukaliganizire panjira, msewu ndi wautali."

Msewu ndi wautalidi. Dzina loti Wenela linachokera ku kampani imene inkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, ndipo agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo, koma ine kunja kwa Malawi ndinali ndisanapondeko. Tinadutsa Mwanza ndi Zobue, tinawoloka Zambezi pa Tete kukutentha ngati mu uvuni, milambe ili mbali zonse, kenako Nyamapanda. Harare tinaiona usiku. Pa Beitbridge tinaima pamzere m'bandakucha, kukuzizira kolowa m'mafupa, mpaka anatidindira masiku 30. Pa Park Station tinafika tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka, miyendo itatupa. Ndinamutengera mnzanga mpunga wa Kilombero, usipa, nyemba, Sobo ndi zitenje za yunifolomu ya ukwati. Atatsegula jumbo ya usipa ananunkhiza n'kuyamba kulira.

Ukwati wake sunali wa phokoso. Tchalitchi chaching'ono cha Amalawi, kenako holo yobwereka, nsima, mpunga, nkhuku, ndi perekaniperekani wa marandi osakanikirana ndi makwacha ochepa amene ife ochokera kumudzi tinaponya. Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti amene anamugwira dzanja mnzanga polowa m'tchalitchi anali mwana wake wamwamuna wa zaka 20. Anayenda naye pang'onopang'ono, suti itamukulira m'mapewa, ndipo atafika kutsogolo anatenga dzanja la mayi ake n'kuliika m'dzanja la mkwati, n'kuwerama. Ine pamene ndinakhalapo misozi inangoyamba yokha. Anthu ankayesa ndikulirira chimwemwe cha mnzanga. Chimwemwecho chinalipo, koma ndinkaliranso chifukwa ndinakumbukira mawu amene mwana wanga woyamba anandiuza mu Epulo, atamva mphekesera ku tchalitchi. Anati, "Amayi, tsiku limene mwamuna wina adzalowe m'nyumba ya adadi, ine ndidzatuluka, ndipo simudzandionanso."

Lolemba lake mnzanga anapempha tchuthi n'kundiperekeza kokagula zinthu. Ndinali ndi pepala lodzaza mbali zonse, chifukwa munthu ukangoti ukupita ku Joni aliyense amakutuma. Aphunzitsi anzanga anafuna mabulangete ndi makatani, mchemwali wanga mapoto, mtsikana wanga nsapato ndi jekete, chitsiriza mpira ndi chikwama cha ku sukulu. Tinayamba ku China Mall, kenako Dragon City, ndikuwerengera randi iliyonse m'makwacha mpaka mutu kuwawa. Apongozi ndinawagulira bulangete lochindikala lofiirira ndi nsapato zofewa, poti mapazi awo amatupa. Mnyamata wanga ndinamugulira jekete yabwino kuposa zonse zimene ndinagula, mwina chifukwa mumtima ndinkafuna kumupepesa pa chinthu chimene ndinali ndisanachite.

Madzulo tinafika ku Oriental Plaza ku Fordsburg, kumene kuli masitolo ambiri a amwenye ogulitsa nsalu ndi zovala za ukwati. Tinalowera makatani. Ndili mkati mosankha, maso anga anagwera pa diresi lina limene linapachikidwa chakumbuyo. Silinali loyera mbee ngati la namwali. Linali lotuwira ngati mkaka wa m'tiyi, lalitali mpaka m'akakolo, manja ake a lesi ofika m'zigongono, pakhosi potsekeka bwino, loti mayi wa Mvano akhoza kuvala osachita manyazi. Ndinaligwira nsalu yake, n'kulisiya, n'kubwereranso. Mnzanga anandiyang'ana osanena kanthu, kenako anati, "Kayeseni." Ndinakana. Anati, "Kuyesa sikugula, amwali." Nditatuluka m'kachipinda koyesera n'kudziona pagalasi, ndinaona mkazi amene ndinali nditamuiwala. Zaka zoposa zitatu ndakhala ndikudziona ngati mayi wa ana, mtengwa, namfedwa. Mayi wogulitsa anafunsa kuti ndi la mwambo wanji, mnzanga n'kuyankha kuti, "Ndi la mkwatibwi." Ine sindinatsutse. Linali R850. Ndinatulutsa envelopu ya ku Wenela ija, n'kuwonjezera R350 yanga.

Agogo, pamenepo m'pamene ndinadziwa yankho langa. Ndimawafuna bambo aja. Ndatopa kudya nkhawa ndekha usiku, ndatopa kusowa woti ndimuuze kuti lero kusukulu kunali zakuti. Amuna anga ndinkawakonda ndipo manda awo ndimakalambula chaka chilichonse, koma iwo anapita, ine ndikadali ndi moyo. Usiku womaliza mnzanga anandiuza kuti iye anadikira zaka khumi poopa pakamwa pa anthu, ndipo anthu amene ankawaopawo palibe ndi mmodzi yemwe anamugulirako ngakhale paketi ya shuga. Mawu amenewo ndinawasunga.

Koma pobwerera ndinamva mbali ina. Pa Mwanza katundu yense anatsitsidwa kuti aonedwe za msonkho, ndipo nditatsegula sutikesi, mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi, wa geni amene amayenda msewu umenewu mwezi ndi mwezi, analiona diresi lija. Basi itanyamuka anandifunsa, ine n'kumuuza zoona. Anapukusa mutu. Nayenso amuna ake oyamba anamwalira, anakwatiwanso ndi bambo wa ana akuluakulu, n'kusiya nyumba yake kukakhala kwa bamboyo. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi bamboyo anamwalira, ana ake anamuuza kuti, "Mayi athu anamwalira kale, inu tengani mapoto anu." Pobwerera kwa ana ake omubereka anapeza mitima yawo itazizira. Anati, "Walira mvula walira matope, mayi. Pa msinkhu wathuwu ukakwatiwa umakakhala nesi, akamwalira umatuluka ndi chitenje chokha." Kuchokera pa Mwanza mpaka kufika mu Blantyre sindinayankhulenso.

Tsono mavuto anga ndi awa. Loyamba ndi lalikulu n'lakuti akuchimuna sanandisudzule. Sikuti anachita mwankhanza. Titamanga chiliza mu 2022, malume awo a malemu anaimirira n'kunena kuti, "Mayi awa sitiwasudzula, ndi mwana wathu, atilerere ana ndi mlongo wathuyu." Aliyense anawomba m'manja, inenso ndinaona ngati ulemu waukulu, makamaka poona mmene amayi ena amasiye amalandidwira katundu. Ine sanandilande ngakhale supuni, za chokolo sanazitchule n'komwe. Koma lero ulemu womwewo wasanduka chingwe. Pamwambo ndikadali mkazi wa pakhomo pawo. Kodi mkazi amapempha yekha kuti amusudzule? Ankhoswe anga ndi mchimwene wanga wamkulu, ndipo ndikudziwa kuti ndikamuuza adzayamba wafunsa kuti, "Wasowa chiyani?"

Lachiwiri ndi apongozi. Malemu anali mwana wawo wamwamuna yekhayo, ana awo aakazi awiri ali kutali ndipo ali ndi mavuto awo. Amanditchula kuti "mwana wanga", ine ndimati "amayi". Nditawapatsa bulangete lija analifunda nthawi yomweyo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kunena kuti, "Mulungu ananditengera mmodzi n'kundisiyira wina." Ndiwauza bwanji mayi amenewa kuti ndikufuna kukhala mkazi wa munthu wina? Bambo aja ananena kale kuti apongozi angawa adzawasamala ngati mayi awo, ndipo ndimawakhulupirira. Koma kodi gogo angadye nsima ya mwamuna amene walowa m'malo mwa mwana wake? Akasankha kubwerera kumudzi, kumene chipatala chili kutali, shuga ija ikawapweteka, ndipo ine sindidzadzikhululukira.

Palinso za nyumba. Tinaimanga ndi malemu pa malo amene tinagula kudzera kwa amfumu, ndipo mapepala a lizi tinali tisanapange. Munthu wina wodziwa malamulo anandiuza kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kukwatiwanso sikumulanditsa mkazi chuma chimene analandira amuna ake atamwalira, kupatula chimene chili pa malo a mafumu, chimene chimapita kwa ana. Ine kuti nyumba ikhale ya ana anga sizikundivuta, ndi zimene ndimafuna. Bambo aja ali ndi nyumba yawo, ndipo sakufuna kulowa m'nyumba ya malemu. Koma ndikasamukira kwawo, mtsikana wanga amene akulemba Fomu 4 chaka chamawa ndi chitsiriza adzapita nane kapena adzatsala ndi agogo awo? Nanga zimene zinamuonekera mayi wa m'basi uja ndingazipewe bwanji? Kodi n'kulakwa kuwapempha bambowa, tisanapange chilichonse, kuti alembe wilu, tikhale pansi ndi ana awo, komanso tikayezetse magazi limodzi? Ndikuopa kuti angaone ngati ndikuwerengera chuma chawo iwo ali moyo.

Ku mpingo sindikuopako kwenikweni. Ndikudziwa kuti pa 1 Akorinto 7:39 mkazi amene mwamuna wake wamwalira ndi womasuka kukwatiwa, bola mwa Ambuye, ndipo abusa sangakane kutidalitsa. Ndimangoona kuti bambo akafedwa, chaka chisanathe anthu omwe amayamba kumufunira mkazi, amati sangakhale yekha, adya chiyani. Mayi akafedwa amamuyamikira akakhala yekha mpaka imvi. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa kusungulumwa n'kumodzi.

Koma chimene chikundisowetsa tulo koposa ndi mnyamata wanga. Bambo ake atamwalira anali ndi zaka 18, ndipo ndi iye amene anathamanga usiku kukafuna galimoto yopita nawo kuchipatala. Kuyambira tsiku limenelo anadziika kukhala bambo wa pakhomo, ndipo sindinamuonepo akulira. Jekete ija anailandira, anathokoza, anaivala, kenako anandiyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Ndamva kuti ku Wenela kunali okuperekezani." Ndinayankha kuti anali a ku mpingo. Sanafunsenso. Aka kanali koyamba kumubisira mwana wanga chinthu, ndipo sindikufuna kuti chikhale chizolowezi.

Bambo aja ndakumana nawo kawiri ku tchalitchi chibwerereni. Amangondipatsa moni n'kufunsa za apongozi, za yankho sakufunsa. Diresi lili pansi pa sutikesi, ndinalikulunga m'chitenje, sutikesiyo ili pamwamba pa wodirobu. Dzulo apongozi anandifunsa kuti, "Mwana wanga, sutikesi ija bwanji simukuitsitsa, mwatsala katundu wa eni ake?" Ndinati ndiitsitsa Loweruka.

Agogo, ndithandizeni Lowerukalo lisanafike. Ndiyambe ndi ndani, mwana wanga, apongozi, kapena mchimwene wanga kuti akaonane ndi malume a malemu? Ndiwayankhe kaye bambowa, kapena ndiyambe ndakonza za pakhomo iwo akudikirabe? Ndipo mnyamata wanga akakana ndithu, ndidikire mpaka liti?

Ine wanu,
Mayi wamasiye, Blantyre